Mmene olemba mapulogalamu angathandizirane khodi ikasokonekera

Mnzanga wina wa ku Lizulu analemba pulogalamu m'chilankhulo cha kompyuta cha Python yowerengera ndalama za banki m'khonde ya amayi ake. Gawo limodzi linali K5,000, koma munthu akagula magawo atatu kompyuta inkaonetsa 500050005000 m'malo mwa 15000. Uthenga umene ananditumizira unali wakuti "yakana" basi, ndipo tinataya madzulo onse tisanagwire pamene panali vuto.

Choncho mukamapempha thandizo, nenani zimene mumayembekezera kuona ndi zimene mwaonadi. Koperani uthenga wa vuto wonse monga mmene ulili, chifukwa chithunzi chojambula ndi foni nthawi zambiri chimadula mzere wofunika. Mu Python uthenga wa vutowu umatchedwa traceback; mzere wake womaliza ndi umene umatchula vutolo, ndipo pamwamba pake pamakhala dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. Kenako chotsani zonse zosakhudzana ndi vutolo kufikira patatsala mizere yochepa imene ikulakwitsabe. Ambiri amadzipezera okha yankho ali mkati mochotsamo.

Inu wothandiza, musafulumire kulanda kompyuta ya mnzanu n'kumulembera khodi yatsopano, pakuti mawa adzabweranso ndi vuto lomwelo. Mufunseni kuti akufotokozereni mzere uliwonse mokweza, ndipo pamene wayamba kukayikira muikepo print(type(x)) kuti muone mtundu wa chinthu chimene akukayikiracho (x), kaya ndi mawu kapena nambala. Ndi mmene tinapezera vuto la mnzanga uja: mu Python 3, input(), imene imalandira zimene munthu walemba, imabweza mawu ngakhale munthu alembe nambala, ndipo mawu akachulukitsidwa ndi 3 amangobwerezedwa katatu popanda chenjezo lililonse. Kulemba int(input()), kumene kumasandutsa mawuwo kukhala nambala, kunathetsa nkhaniyo.

Mavuto ambiri otere amachokera ku khalidwe la chilankhulo chimene mukugwiritsa ntchito, ndipo ndi amene amasautsa kwambiri chifukwa pulogalamu imayenda mpaka kumapeto ngati zonse zili bwino. M'chilankhulo china cha JavaScript, "5" + 1 imapereka "51" pamene "5" - 1 imapereka 4. Mu Python 2, 5/2 inkapereka 2, koma mu Python 3, imene inatuluka mu 2008, imapereka 2.5. Ngakhale kuti Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, mabuku akale ophunzitsa khodi yake akadali m'manja mwa ophunzira, motero nonse awiri lembani python --version kuti muone Python imene aliyense akugwiritsa ntchito musanayambe kutsutsana.

Pa ndalama ndikuchondererani kusamala kwambiri. Mukaphatikiza 0.1 ndi 0.2 mumapeza 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga manambala otere motsatira muyezo wa IEEE 754, umene sungasunge 0.1 ndendende. Sungani ndalama m'matambala monga manambala athunthu, K1 kukhala 100, kapena gwiritsani ntchito decimal, chida cha mu Python chimene chimasunga manambala ngati 0.1 ndendende, kuti pa tsiku logawana ndalama kompyuta isasiyane ndi kope la mlembi.

Vuto likapezeka, sinthani chinthu chimodzi chokhacho, yesaninso ndi manambala amene munayamba nawo, kenako muuzeni amene anakuthandizani chimene chinali cholakwika.