Radiator ikazizira pamwamba, lekani kukweza thermostat

Chiyambireni chisanu chino ndalowa m'nyumba zingapo za anzathu kuno ku England, ndipo zimene ndikupeza n'zimodzimodzi. Thermostat, kachipangizo koikira mlingo wa kutentha kwa m'nyumba, aikweza mpaka madigiri 28 kapena 30, boiler, makina a gasi otenthetsa madzi, ikungolira usiku wonse, koma ana akugona atavala majekete. Ukagwira radiator, chitsulo chapakhoma chodutsamo madzi otenthawo kuti chipinda chifunde, m'munsi mukutentha moti dzanja silikhalitsapo, pamwamba pali zii ngati mwala wa kumtsinje. Zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama zimenezi anthu akuzipeza movutikira, ena kuchezera usiku kuntchito.

Thermostat si nkhuni. Kwathu moto ukazilala timasonkhezera, ndipo chizolowezi chimenechi tafika nacho mpaka kuno. Koma ntchito ya thermostat ndi imodzi basi: kuuza boiler nthawi yoti ipume. Mukaiika pa 30 madzi a m'mapaipi sawonjezera kutentha ayi. Mwangolamula boiler kuti isaleke mpaka chipinda chifike pa 30, ndipo sichifika, poti theka la radiator ladzaza mpweya. Mpweya ndi wopepuka, umakwera n'kukhazikika pamwamba, madzi otentha n'kumangodutsa m'munsi. Gasi akupsa, mita ikuthamanga, chipinda chili chomwecho. Nyumba yoti zonse zili bwino imafunda mokwanira pa 18 mpaka 21.

Zikakanika, ambiri amathamangira kugula hita yamagetsi. Apa ndiye pothera ndalama. Hita ya 2 kW imadya mayunitsi awiri pa ola lililonse, pomwe yuniti yamagetsi kuno mtengo wake umaposa wa gasi katatu kapena kanayi. Amene muli ndi mita yogulira mayunitsi mukudziwa mmene imathera msanga. Ndiye mukulipira kawiri chipinda chimodzi. Pamenepo khoma lozizira la chipindacho layamba kuchita thukuta, chuku chamera kuseri kwa wadiropu, mwana wayamba kutsokomola. Mkati mwa radiator namonso mpweya ndi madzi zikakumana pachitsulo, dzimbiri limayamba. Dzimbirilo ndi limene limasanduka matope akuda otseka mapaipi, mapeto ake n'kuwononga pampu.

Bambo wina wogwira ntchito kumafamu a ndiwo zamasamba ku Lincolnshire, amene kwawo ku Ntcheu ankalima mbatatesi, anandiuza motsimikiza kuti nyumba za kuno n'zozizira chibadwire, palibe chochita. Zaka ziwiri akugona m'chipinda chotero! Radiator yake anali ataiphimba ndi maovolosi onyowa, kutsogolo kwake atatsamiritsa matiresi. Tinachotsa zonsezo, ndinatulutsa m'thumba kakiyi kotulutsira mpweya mu radiator, kupotokola pang'ono chabe, mpweya uja kuti fyiii, osatha msanga, kenako timadzi takuda tinadontha pansanza. Titayatsanso, bamboyo anagwira pamwamba pa radiator, n'kuchotsa dzanja mofulumira, n'kugwiranso. Anangoti kukamwa yasa. Munthu wodziwa kuchotsa mpweya m'pampu yothirira kudimba, koma apa sanaganizeko. Kakiyi kameneka kamagulidwa ndi paundi imodzi kapena ziwiri m'sitolo ya zipangizo zomangira.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Zimitsani boiler, dikirani radiator izizire, ikani nsanza pansi pa kavaluvu kali pakona yapamwamba, potokolani kiyi chakumanzere osapitirira theka, madzi akangoyamba kutuluka tsekani. Musachotseretu kavaluvuko. Mukamaliza pitani mukaone geji ya pa boiler: muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar makina ali ozizira, ukatsika onjezerani madzi pa filling loop, kapaipi kowonjezerera madzi m'makinawo. Apa ndi pamene ambiri amaiwala, boiler n'kukana kuyaka m'mawa.

Radiator ikazizira m'munsi chapakati koma pamwamba pakutentha, umenewo si mpweya, ndi matope aja, ndipo kiyi sathandiza. Pafunika pulambala atsuke ndi kuthiramo mankhwala oletsa dzimbiri. Ikazizira yonse pomwe zinzake zikutentha, masulani mutu wa valuvu ya manambala ili pambali pa radiator, mupeza kapini kamene kamakakamira m'miyezi yotentha. Kakanikizeni pang'onopang'ono mpaka kayambe kubwerera kokha. Zapafupi ndi boiler zikamatentha kwambiri zakutali zili zofunda chabe, chepetsani pang'ono valuvu ya mbali inayo, ya lockshield, pa zapafupizo. Mpweya ukamabwerera sabata ndi sabata, penapake pakudontha kapena dzimbiri lakula, itanani waluso. Boiler yeniyeniyo musaitsegule; lamulo limalola okhawo olembedwa mu Gas Safe Register, ndipo muziwafunsa khadi lawo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kukonza zotenthetsera ndi udindo wa alandilodi, choncho alembereni uthenga wokhala ndi deti ndipo muusunge.