Mukufuna kulembetsa unamwino ku koleji yatsopano? Fufuzani izi musanapereke ndalama

MANEB ikangotulutsa zotsatira za MSCE basi ma advert a makoleji a unamwino amadzadza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ena mpaka amamata pamitengo ku depoti kuti "malo ndi ochepa, fulumirani". Ine ndinathandizapo mwana wa achemwali anga kulembetsa, ndiye ndikuuzani mmene zimayendera, makamaka pa nkhani ya accreditation, kutanthauza kuvomerezedwa kwa koleji ndi kosi yake, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amapwetekera.

Choyamba yang'anani satifiketi yanu bwinobwino. Makoleji ambiri amafuna ma credit 6 kuphatikizapo English, Maths, Biology ndi Physics kapena Chemistry. Koleji ikakuuzani kuti "ngakhale Biology muli ndi pass bwerani tikonza", thawani pomwepo, mayeso a laisensi yogwirira ntchito ya unamwino sadzakukonzerani.

Kenako dziwani kuti mukufuna chani. Pali dipuloma ya Nursing and Midwifery Technician, zaka zitatu, imene makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ngati Nkhoma, Ekwendeni ndi St Luke's ku Malosa akhala akuphunzitsa kwa nthawi yaitali. Ndiye pali digiri ya zaka zinayi, monga ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), yomwe inabwera mu 2021 atasakaniza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ku Mzuni. Malo akale amenewa ndi odziwika, vuto lalikulu ndi mpikisano, anthu ndi ambiri malo ndi ochepa, nchifukwa chake ambiri amathamangira ku makoleji atsopano. Sikuti atsopano onse ndi oipa ayi, iliyonse inayamba tsiku lina, koma muyenera kufufuza nokha.

Tsopano apa mvetserani. Mabungwe ofunika ndi awiri osati limodzi. Pali NCHE, National Council for Higher Education, yomwe imalembetsa ndi kuyendera makoleji, ndiye pali Nurses and Midwives Council of Malawi, anthu amangoti Council, yomwe imavomereza kosi ya unamwinoyo, kulemba ophunzira m'kaundula wake ndikudzapereka laisensi. Popanda laisensi ya Council simungagwire odwala m'chipatala chilichonse kuno, kaya dipuloma yanu ili ndi chidindo chagolide chotani.

Ife koleji ina yake kuno ku Lilongwe, sinditchula dzina, anatilandira bwino kwambiri, tiyi mpaka, mayi wa pa reception nkutilozera chipepala chili mu frame pakhoma kuti "onani ndife registered". Titachiwerenga modekha linali pepala lolembetsa bizinesi. Titafunsa za Council anati "zili mu process amalume, pofika chaka chachiwiri zikhala zatheka", ndipo nthawi imeneyo mwanayo anali atapereka kale application fee ndi ndalama yosungitsira malo ku hostel, zomwe sizinabwerere mpaka pano, foni anasiya kuyankha. Mawu akuti process amenewo mukawamva dziwani kuti yankho ndi ayi.

Komanso registered (kulembetsedwa chabe) ndi accredited (kuyenderedwa nkuvomerezedwa) sizofanana, ndipo accreditation imapita pa kosi iliyonse payokha. Koleji itha kukhala kuti kosi yake ya Business kapena Public Health ndi yovomerezeka koma ya unamwino angoiyamba kumene, ndiye pa poster amangolemba zilembo zikuluzikulu kuti NCHE ACCREDITED osanena kuti ndi kosi iti. Sakunama kwenikweni, koma akukusiyani kuti mudzinamize nokha. NCHE imatulutsa mndandanda wa makoleji ndi makosi ake pa website komanso m'nyuzi, yang'anani dzina la kosiyo ndi campus yake yomwe, chifukwa ena amatsegula nthambi mtauni kumagwiritsa ntchito pepala la kwina. Mukatero pitani ku ofesi ya Council, ili konkuno ku Lilongwe, transport ya minibus ndi yochepa kuyerekeza ndi fizi ya zaka zitatu, mukafunse funso limodzi lokha: ophunzira a koleji yakutiyakuti mukuwapatsa index number, nambala ya m'kaundula wanu, ndipo adzalemba mayeso anu a laisensi? Musafunse pa foni kwa munthu amene mwapatsidwa nambala yake ndi koleji yomweyo, mwina ndi mlamu wawo.

Njira yachidule yomwe ndimaikonda, dikirani nthawi ya lunch panja pa geti mucheze ndi a second year. Amenewo sabisa. Afunseni ngati index number anaiwona ndi maso, aphunzitsi ndi okhazikika kapena amangobwera Loweruka akaweruka kwina, komanso ma practical amakapanga kuti. Namwino amaphunzira mu ward, ndiye ngati akuti amapita ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila kukaphunzira zochiritsa amayi, funsani ngati amaperekezedwa ndi aphunzitsi awo. Pemphaninso kuwona skills lab, chipinda choyeserera ntchito musanapite mu ward. Koleji ija chipinda chake munali bedi limodzi ndi chidole chothyoka mkono, makina a BP ali mu kabati atakhoma, kiyi ati ali ndi abwana. Ngati mukudalira ngongole ya ku Loans Board, dziwaninso kuti nawo amayang'ana accreditation yomweyi.

Zonsezi zikakhala bwino kulembetsako sikovuta. Tengani fomu, fotokopani satifiketi ndi ID, kadinditseni kwa commissioner for oaths, zithunzi za passport size pangani zambiri chifukwa adzakufunsaninso. Ndalama kalipireni ku banki mu account ya dzina la koleji, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, ndipo risiti muijambule pa foni. Anyamata amene amati ali ndi connection mkati, mungowapatsa kenakake dzina lituluka, amenewo amadya anthu chaka ndi chaka, asiyeni. Fizi funsani yonse pamodzi ndi uniform, nsapato, hostel ndi transport ya ku practical, zimenezi pa advert salemba.

Intavyu valani bwino, werengani Biology pang'ono, fikani msanga. Akakutengani ndipo mwayamba, semester yoyamba isanathe funsaninso za index number yanu, musadikire chaka chomaliza.