Singano ikakubayani muli pantchito m'chipatala

Anzanga a m'chipatala, ambirife timaopa HIV koma hepatitis B, kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi, ndiye amalowa mosavuta kwambiri. Singano yokhala ndi HIV ikakubayani mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1000, pomwe hepatitis B amatha kufika 30 pa 100 ngati simunabayitse katemera, ndiye katemerayu bayitsani katatu konse, osangoti kamodzi basi mwathana nazo.

Mukamaliza kubaya jekeseni musabwezeretse kachivindikiro kaja, apa mpomwe ambiri amadzilasa makamaka usiku tulo tikawagwira. Ponyani pompo m'bokosi la masingano, ndipo bokosilo lisamachite kudzaza mpaka pakamwa, oyeretsa nawonso ndi anthu. Magolovesi valani ndithu koma singano imaboola. Pobereketsa onjezani magalasi ndi masiki, magazi sapempha akamathovukira kumaso.

Zikachitika, tsukani ndi sopo pamadzi oyenda, osafinya balalo, osathira bulichi ayi. M'maso muzitsuka ndi madzi ambiri. Kenako uzani okuyang'anirani nthawi yomweyo, manyazi asiyeni, yezetsani ndipo PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, muyambe msanga maola 72 asanakwane. Amamwa masiku 28, ena amawapatsa nseru koma osasiyira panjira.