Momwe mungayesere laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito musanatulutse ndalama

Malaputopu ambiri amene akugulitsidwa m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso amene zithunzi zake zimazungulira m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, si atsopano ayi. Ambiri anagwirapo ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja asanafike kuno, ndipo palibe cholakwika pa zimenezi, chifukwa makina amene makampani amagulira antchito awo, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, kawirikawiri amakhala olimba kuposa makina atsopano otsika mtengo amene amangonyezimira kunja. Vuto lagona poti kugula laputopu yotere kuli ngati kusankha kaunjika: mu belo limodzi mumakhala zabwino ndi zong'ambika, ndipo wosatambasula chovala ndiye amapita kunyumba ndi chobooka. Pamafunika pafupifupi ola limodzi kuti muyese makinawo mokwanira, ndipo wogulitsa amene akukana kukupatsani nthawi imeneyi ndi woyenera kumusiya.

Musananyamuke, tengani fulashi, mahedifoni ndi foni yokhala ndi bando ya intaneti, ndipo mukhale mutadziwa kale ntchito imene mukufuna kuti kompyutayo izigwira, chifukwa wophunzira amene akufuna kulemba ndi kuwerenga safunika makina ofanana ndi a munthu wokonza mavidiyo a maukwati kapena wosewera magemu.

Choyamba ndi kudziwa m'badwo wa purosesa, chipangizo chimene chili ngati ubongo wa kompyuta, ndipo apa ndi pamene anthu ochuluka amapusitsidwira. Wogulitsa amangoti "iyi ndi Core i7, bwana," n'kuloza kasitika kamene kali pafupi ndi kiyibodi, ndipo wogula amakhutira poganiza kuti i7 iliyonse imaposa i5 iliyonse. Sizili choncho. Yatsani kompyutayo, dinani pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc kuti Task Manager itseguke, kenaka pitani pamene palembedwa Performance ndi kusankha CPU. Pamenepo mudzaona dzina lonse la purosesa, mwachitsanzo i5-8250U kapena i7-4600U. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo m'badwo wake, kotero kuti i7-4600U ndi ya m'badwo wachinayi, wa m'chaka cha 2013, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unatuluka mu 2017. Kuyambira m'badwo wa 10 kupita m'tsogolo mumawerenga manambala awiri oyamba, monga pa i5-10210U kapena i5-1135G7. Kusiyana kwake si kwa zaka zokha. Purosesa ya i5-8250U ili ndi ma core anayi (timagawo ta mkati mwa purosesa timene timagawana ntchito), pamene i7-7500U, imene inatuluka chaka chimodzi chokha m'mbuyo mwake, ili ndi awiri basi, ndipo munthu amene walipira ndalama zambiri chifukwa cha dzina la i7 pa makina amenewa wagula chinthu chochedwa pa mtengo wokwera.

Pali chifukwa china chimene chikuchititsa kuti m'badwo wachisanu ndi chitatu ukhale malire oyenera kuwasamala. Kampani ya Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomerezedwa pa mapurosesa a Intel oyambira m'badwo umenewu, komanso pa ambiri a AMD Ryzen oyambira gulu la 2000, bola makinawo akhale ndi TPM 2.0, chida cha chitetezo cha mkati mwa kompyuta. Mukhoza kutsimikiza za TPM podina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba tpm.msc. Dziwani kuti akatswiri ena amaika Windows 11 mokakamiza pa makina akale amene sakuyenera, choncho kuona Windows 11 pa sikirini si umboni woti laputopuyo ndi yaposachedwa. Sindikunena kuti makina a m'badwo wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chiwiri ndi otayika, pakuti amagwirabe ntchito bwino, makamaka akaikidwa Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, koma mtengo wake uyenera kutsika kwambiri, ndipo wogulitsa auzidwe zimenezi mosapita m'mbali. Koma mukaona dzina la Celeron pa purosesa pamodzi ndi malo osungira zinthu a 32GB kapena 64GB, maganizo anga ndi oti mungoisiya, ngakhale itaoneka yokongola bwanji.

Musatseke Task Manager, chifukwa pomwepo ndi pamene mudzaonenso RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwira, ndi disiki. Masiku ano 8GB ya RAM ndiyo poyambira, ndipo 4GB imayamba kutsamwa mukangotsegula masamba angapo a Chrome pamodzi ndi Word. Funsani ngati RAM ingawonjezedwe, popeza pa malaputopu ena opyapyala inamatidwiratu pa bolodi moti simungaichotse kapena kuikulitsa. Pa disiki, onani ngati palembedwa SSD, disiki yamakono, kapena HDD, yachikale yokhala ndi mbale yozungulira mkati. Laputopu ya SSD ya 256GB imayaka ndi kutsegula mapulogalamu mofulumira kwambiri kuposa ya HDD ya 1TB, ndipo imapirira kugwedezeka kwa m'minibasi kapena pa kabaza chifukwa mkati mwake mulibe chozungulira. Ogula ambiri amakopeka ndi kukula kwa 1TB, koma ine ndingasankhe SSD yaing'ono nthawi ina iliyonse, n'kudzagula disiki yakunja pambuyo pake ngati mafilimu ndi nyimbo zachuluka. Ngati n'kotheka, ikani pa fulashi yanu kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kamene kamaonetsa maola amene disiki yagwira ntchito ndi thanzi lake. Kakalemba Caution kapena Bad, disikiyo ili pafupi kufa pamodzi ndi zonse zimene mudzasungemo.

Tsopano tifike pa batire, limene kwathu kuno ndi nkhani yaikulu kuposa mmene lilili m'mayiko amene makinawa akuchokera. Munthu wa mu ofesi ya ku London akhoza kugwiritsa ntchito laputopu ya batire lakufa kwa zaka osadandaula, chifukwa imakhala pa chaja tsiku lonse, koma kuno magetsi akathima, kapena ngati mumadalira sola, batire ndilo limasiyanitsa laputopu ndi kompyuta ya pa tebulo. Mawu akuti "imasunga moto maola anayi" musawakhulupirire musanaone nokha. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, lembani powercfg /batteryreport ndi kudina Enter. Kompyuta idzakuuzani pamene yasunga fayilo yotchedwa battery-report.html, ndipo mukaitsegula mudzapeza manambala awiri ofunika: Design Capacity, kutanthauza mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, mphamvu imene likutha kusunga lero likadzaza. Ngati loyamba ndi 50,000 mWh ndipo lachiwiri ndi 40,000 mWh, batirelo likadali ndi magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu zake, zimene ndi zabwino ndithu pa makina akale. Likatsika kufika pa theka, werengerani mtengo wa batire lina m'ndalama zimene mukulipira, ndipo muyambe mwafufuza ngati la mtundu umenewo likupezeka kwa okonza makompyuta a m'tauni yanu.

Lipoti lokha silikwanira, popeza batire lina limaonetsa manambala abwino koma n'kuthima mwadzidzidzi likafika pa 40 kapena 30 peresenti. Choncho zulani chaja mutangoyamba kuyesa, ndipo mayeso ena onse achitike makinawo akuyendera batire, inu mukuyang'ana mmene moto ukutsikira. Ikaninso laputopuyo pa tebulo losalala ndi kuiyang'ana cham'mbali. Ngati malo oyendetsera chala atukumuka, kapena chivundikiro cha pansi chikukankhika ngati chikufuna kutseguka, ndiye kuti batire latupa, ndipo batire lotupa likhoza kuyaka moto.

Chotsatira ndi maloko, amene wogula wosadziwa amawazindikira atafika kale kunyumba. Zimitsani kompyutayo ndi kuiyatsanso, ndipo ikangoyamba kuyaka dinani batani lolowera mu BIOS (pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke), limene pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, ndipo pa ThinkPad ndi F1. Ikakufunsani pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, musagule, chifukwa pa makina ambiri a masiku ano pasiwedi imeneyi sichoka pongochotsa kabatire ka pa bolodi monga zinkachitikira kale. Makina ena ochokera kumakampani amakhala akadali olembetsedwa ku kampani imene inkawagwiritsa ntchito, moti mukaikamo Windows yatsopano n'kulumikiza intaneti, amayamba kufuna imelo ya kuntchito kwa eni ake akale. Dzina la kampani kapena la sukulu yakunja likaoneka pa sikirini yolowera, funsani mafunso ambiri. Kwa ogula MacBook, onetsetsani kuti mwini wakale watulutsamo akaunti yake ya Apple ndipo wazimitsa Find My, loko wa Apple woteteza makina akabedwa, inu muli pomwepo, apo ayi mukhoza kutsala ndi makina okhomeka amene simungawatsegule.

Zina zonse zimayenda mwachangu. Tsegulani Notepad ndi kudina batani lililonse la pa kiyibodi, osaiwala manambala ndi timivi. Onetsani chithunzi choyera pa sikirini yonse, kenaka chakuda, kuti muone madontho, mizere kapena malo owala mosiyana ndi ena. Lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB, yesani mahedifoni, masipika, kamera ndi maikolofoni, ndipo lumikizani Wi-Fi ku foni yanu. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mukumvetsera mahinjesi, chifukwa hinjesi yolimba kwambiri kapena yolira imathyola pulasitiki ndi kudula nthambo ya sikirini m'kupita kwa nthawi. Ngati makinawo anachokera ku Japan, ku Germany kapena ku France, zilembo zina za pa kiyibodi zimakhala m'malo achilendo, chinthu chimene ena amachizolowera koma chimasautsa munthu wolemba kwambiri.

Pamene mukuchita zonsezi, siyani vidiyo ya pa YouTube ikusewera kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo muike dzanja pafupi ndi potulukira mpweya. Fani yolira ngati ikukhula penapake, kapena kutentha kosagwirika pa ntchito yopepuka chonchi, ndi chizindikiro choti mkati mwadzaza fumbi kapena fani yatha. Fumbi limachotsedwa pa mtengo wochepa, koma makina amene akuzima okha akatentha ndi oti muwasiye, makamaka mukaganizira mmene kumatenthera mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa, ku Salima kapena ku Karonga.

Okonda magemu ali ndi mayeso enanso apadera. Mu Task Manager momwemo muli malo olembedwa GPU, kutanthauza khadi ya zithunzi, ndipo ngati pakuoneka Intel UHD Graphics 620 yokha, makinawo ndi a ntchito za mu ofesi, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti "imasewera chilichonse." Adzatha magemu akale ndi opepuka, koma osati atsopano. Gemu ya mpira imene inkadziwika kuti FIFA, yomwe kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, inafuna pa FC 24 khadi ya zithunzi yosachepera Nvidia GTX 1050 Ti, RAM ya 8GB ndi malo okwana 100GB pa disiki. Choncho wofuna magemu otere ayang'ane laputopu yokhala ndi GTX 1650 kapena yoposa pamenepo, ndipo aumirire kuti gemu iseweredwe pamaso pake kwa mphindi makumi awiri, popeza khadi yodwala imaonekera ikatentha, pamene zithunzi zimayamba kudukaduka kapena kuonetsa timabokosi tamitundumitundu. Kunena zoona, laputopu ya magemu yogwiritsidwapo kale ntchito ndimaikayikira kuposa ina iliyonse, chifukwa yakhala ikutentha moyo wake wonse ndipo batire lake silichedwa kutha gemu ikamaseweredwa. Ngati cholinga chanu ndi mpira wokha basi, nthawi zambiri ndi chanzeru kugula laputopu wamba ya ntchito, n'kupeza PlayStation 4 yakale padera.

Musaiwale kuyang'ana chaja. Magetsi a ESCOM ndi a 230V ndipo masoketi athu ndi a mano atatu ngati a ku UK, choncho werengani pa chajapo ngati palembedwa 100-240V, zimene zikutanthauza kuti igwira ntchito kuno ngakhale inachokera ku America, bola musinthe nthambo ya kukhoma. Mawati ake afanane ndi amene makinawo amafuna, kawirikawiri 45W kapena 65W pa malaputopu a mu ofesi, ndipo a magemu amafuna ochuluka kuposa apa. Chaja yopepuka modabwitsa, yopanda dzina la kampani, ndi yachinyengo, ndipo malaputopu a Dell amakana kutchaja batire bwino akapanda kuizindikira chaja.

Mukakhutira ndi zonse, ndiye mukambirane za mtengo, ndipo chilema chilichonse chimene mwapeza chikhale chifukwa chotsitsira. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba kwa munthu wa pa intaneti amene simunakumane naye, ngakhale atanena kuti ndi yongosungitsira katundu kapena yolipirira basi. Yerekezani nambala ya makina imene ili pa sitika ya pansi ndi imene ikuoneka mu BIOS. Pa Dell nambalayi imatchedwa Service Tag, ndipo mukailemba pa tsamba la intaneti la kampaniyo mumaona zida zimene makinawo anatuluka nazo ku fakitale. Sitika yokandidwa dala kapena nambala zosagwirizana ndi chenjezo loti katunduyo akhoza kukhala wakuba, ndipo kulandira katundu amene mukudziwa kapena mukuyenera kudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Pemphani lisiti lolembedwa dzina la wogulitsa, nambala yake ya foni, mtundu wa laputopu, nambala ya makina ndi masiku amene mwagwirizana kuti mukhoza kuibweza ikavuta, ngakhale atakhala masiku asanu ndi awiri okha. Mukafika kunyumba, fufutani zonse ndi kuikamo Windows yatsopano musanalowetse mapasiwedi anu a imelo kapena a kubanki, ndipo muchite zimenezi masiku obwezera aja asanathe, kuti ngati pali loko wa kampani amene anabisala aonekere lisiti likadali ndi mphamvu.