Momwe mungasankhire thermometer yolimba yopita nayo kozizira kwambiri

Kuzizira kwa chiperoni komwe timadandaula nako pa Chitakale kapena ku Luchenza n'kovalira juzi basi. Pamwamba pa phiri la Mulanje ndi nkhani ina. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ili pa mamita 3,002. Mu June ndi July udzu wa ku Chisepo, Thuchila kapena Lichenya, komwe kuli tinyumba togonamo okwera phirili, umatha kudzuka utayera mbee ndi chisanu. Palinso anzathu opita ku Kilimanjaro, ku mapiri a ku Lesotho, ngakhale kusukulu ku Russia ndi Canada, komwe madigiri 30 pansi pa ziro sachititsa munthu kudabwa. Onsewa akufunika choyezera chimene sichifooka pa nthawi imene chikufunikadi.

Choyamba, siyani kunyumba zimene muli nazo kale. Thermometer ya kuchipatala yoika kukhwapa imangowerenga madigiri oyandikira kutentha kwa thupi, cha m'ma 32 mpaka 42. Kamfuti koloza pamphumi kaja, kotchuka nthawi ya Covid-19, kamayeza pamwamba pa chinthu, osati mpweya. Foni nayo manambala ake imatenga pa intaneti, sikuti ikuyeza pamene mwaimapo.

Chachiwiri, tembenuzani paketi muone malire. Choyezera chanu chizitsika kupitirira kuzizira kumene mukuyembekezera ndi madigiri osachepera 10. Wokwera Mulanje, chofika pa -20°C chamukwanira. Wopita kumayiko a chipale afune cha -40°C kapena -50°C. Onetsetsani kuti pali chilembo C, chifukwa zina zochokera ku America zimalembedwa mu Fahrenheit yekha, pomwe madzi amaundana pa 32. Miyeso iwiriyi imakumana pa -40 pokha.

Chachitatu, pomwe pagona nkhani, ndi mtundu wake.

Ya mercury, ya mzere wonyezimira ngati siliva, musagule n'komwe. Mercury imaundana pa -38.8°C, ndipo galasi likasweka m'chikwama mwathira poizoni pa zovala ndi kamba. Mayiko anagwirizana kale mu 2013, m'pangano la Minamata, kuti zipangizo zotere zizichotsedwa pamsika.

Ya mzere wofiira kapena wabuluu imakhala ndi sipiriti wothira utoto. Sipiriti wa mtundu wa ethanol amaundana pa -114°C, ndiye kulibe kumene mungapite kukamuumitsa. Simafuna batire. Vuto lake ndi galasi, choncho funani yokutidwa ndi pulasitiki wolimba kapena yokhala m'kachubu kachitsulo, yokhala ndi kabowo komangirira chingwe. Ikagwedezeka kwambiri mzere uja umatha kuduka pakati n'kusiya mpata. Musaitaye. Igwireni kumutu, kabotolo kake kaloze pansi, n'kuikutumula mwamphamvu kangapo mpaka mzere ulumikizane. Tija ting'onoting'ono tomangirira pa zipi ya jekete n'tokongola, koma mizere yake ndi yothinana moti kusiyanitsa 2 ndi -2 m'bandakucha ndi tochi n'kovuta, pamene kusiyana kumeneko ndiye kumene kumakuuzani ngati miyala ili ndi madzi kapena ayezi.

Ya muvi ngati wotchi ili ndi tizitsulo tiwiri tosiyana tomatidwa pamodzi n'kupiringizidwa. Tikazizira timapindika n'kukankha muvi. Ndi yolimba, ndipo mtundu wa m'firiji, ngati umene mumauona m'firiji ya katemera kuchipatala, umapezeka mosavuta. Koma ikagwa pamwala imatha kusuntha n'kumanama mwakachetechete, osaonetsa kuti yavulala.

Ya digito ndi yosavuta kuwerenga, ndipo yabwino imasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku wonse, zomwe zimathandiza kudziwa ngati chofunda chanu chikukwana. Apa samalani: paketi imatha kulemba kuti imayeza mpaka -50°C, koma akunena za kachitsulo ka kunsonga kwa waya. Bokosi lenilenilo lili ndi malire ake, olembedwa m'tizilembo ting'ono kuti operating temperature, ndipo zambiri zotchipa zimalekera pa 0°C kapena -10°C. Kupitirira apo manambala a pasikirini amayamba kusintha mwaulesi ngati bilimankhwe, kenako n'kuzimiririka. Mabatire wamba a alkaline nawo amafooka kukazizira. A lithium a AA ndi AAA amapirira mpaka cha m'ma -40°C. Choncho sankhani yawaya, kuti bokosi likhale m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, nsonga ili panja. Onaninso chizindikiro cha IP67, chosonyeza kuti fumbi silingalowe ndipo ingakhale m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Pa Mulanje nkhungu imanyowetsa chilichonse.

Mutandifunsa ine, wa ndalama zochepa agule ya sipiriti yokutidwa bwino, basi. Ya digito ibwere ngati yachiwiri, osati yokhayo.

Chachinayi, iyeseni musananyamuke. Phwanyani ayezi, dzazani kapu, thiranimo madzi ozizira pang'ono kungotseka mipata, takasani n'kudikira mphindi zitatu. Viikani nsonga pakati, osakhudza pansi kapena m'mbali mwa kapu. Iyenera kuonetsa 0°C. Ikaphonya ndi digiri imodzi, lembani pa kapepala n'kumata kumbuyo kwake. Ikaphonya ndi atatu, bwezani. Osayesera m'madzi owira poganiza kuti muona 100: kuno kwathu tili pamalo okwera kuposa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike pamenepo, ndipo pa Sapitwa amawira cha m'ma 90°C. Zambiri za kozizira sizifika n'komwe kumeneko, zimangophulika. Kenako igonekeni mufiriza usiku wonse, magetsi akakhala kuti sanazime. Firiza yabwino imakhala cha m'ma -18°C. Mukatsegula m'mawa, werengani msangamsanga. Sikirini ikakhala yafa, mwadziwiratu muli kunyumba.

Chomaliza ndi kanyamulidwe. Imangirireni kunja kwa chikwama, mbali ya mthunzi, kutali ndi msana wanu. Ya pawotchi yapamkono imayeza kutentha kwa mkono wanu. Ivuleni kwa mphindi 20 kapena 30 kuti inene zoona. Usiku ipachikeni panja, mita imodzi kapena kuposerapo kuchoka pansi, kutali ndi khoma la chumuni. Ya digito mukamailowetsa m'nyumba mmene mukuyaka moto, iikeni kaye m'kajumbo kotseka kuti isachite thukuta mkati.

Dziwaninso kuti thermometer simva mphepo kapena kunyowa. Ikhoza kuonetsa 5°C, koma munthu wonyowa ndi chiperoni pamtunda wa mphepo thupi lake n'kutsika pansi pa 35°C, pomwe amayamba kunjenjemera kosaleka, kupunthwa ndi kulankhula zosamveka. Wokuperekezani amene mwamutenga pa Likhubula akayang'ana mitambo n'kunena kuti lero ku Sapitwa sitipita, bwererani ku Chisepo, kaya nambala ikuti chiyani.