Kusamalira kapeti ya pulasitiki ya pakhonde kuno ku Mangochi

Sesani kaye ndi tsache lofewa, tsiku lililonse. Mchenga umene timalowa nawo kumapazi pochokera kunyanja umakanda kapeti, ndipo mukakolopa musanasese mukungoukhutiza pamwamba mpaka maluwa ake afufutike.

Kukolopa kawiri pa sabata n'kokwanira. Thirani supuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale m'malita 5 a madzi, kenako mubwereze ndi madzi okhaokha kuti pasamate. Polishi wofiira wa pasimenti, palafini ndi sitiliwulo musayandikize.

Pamene ambiri amaonongera kapeti ndi pamadzi. Chikolopa chifinyeni kwambiri, chisamadonthe. Osakhuthulira ndowa pansi ngati mmene mumachitira potsuka simenti, chifukwa madziwo amalowera m'mphepete ndi molumikizira, ndipo akalowa kunsi satulukanso. Pulasitiki salola chinyezi kuuma. Pakapita masiku guluu amatakasuka, kapeti imatukuka matuza, ndipo mukatukula ngodya mumapeza simenti yakuda, yonunkha chuku. Mvula ya Januwale yowomba cham'mbali imachitanso zomwezo, choncho ikangokata pukutani m'mphepete monse ndi nsalu youma.

Ngati chuku chayamba kale, pindirani kapeti m'mbuyo mpaka pamene simenti ili youma. Tsukani simentiyo ndi kunsi kwa kapeti ndi kapu imodzi ya Jik m'makapu 10 a madzi, osasakaniza ndi mankhwala ena. Siyani potsekula masiku awiri. Musanamate, yalani kapepala kapulasitiki pasimentipo, mutseke mbali zonse ndi tepi, kagone usiku. Mukapeza timadontho kunsi kwake m'mawa, sipanaume, dikiranibe. Guluu pakani pang'ono mbali zonse ziwiri, ayambe wauma mpaka asamamatire chala, kenako tsindikizani ndi njerwa zokulunga m'nsalu.

Pogula yatsopano, pindani kangodya pamaso pa wogulitsa. Ikayera popindapo kapena kuthetheka, isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo. Ena amakuonetsani kachidutswa kokhuthala koma n'kukudulirani pa mpukutu wopyapyala, ndiye muziimirira pomwepo akamadula.

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limaumitsa kapeti mpaka kusweka. Pachikani mphasa mbali imene limalowera masana. Mbaula isakhale pakapeti, khala limodzi limaboola. Kunsi kwa miyendo ya mipando yachitsulo ikani tizidutswa ta nsalu yokhuthala, osati ta matayala, chifukwa mphira amasiya banga lachikasu losachoka.