Momwe mungamvetsere mfundo zikuluzikulu za chiyambi cha boma la America

Ophunzira ambiri amayamba ndi kuloweza mayina ndi zaka, koma njira imeneyi siiwafikitsa patali, chifukwa pafupifupi mfundo iliyonse ya nthawi imeneyo inabadwa pa mkangano. Mukakumana ndi dzina lachilendo, dzifunseni kuti ankakangana ndani, ndiponso ankalimbirana chiyani.

Yambani ndi msonkho. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi France itatha mu 1763, boma la ku London linatsala ndi ngongole yaikulu, ndipo mu 1765 linakhazikitsa Stamp Act, lamulo lokhometsa msonkho pa nyuzipepala ndi zikalata m'madera ake a ku America. Anthu kumeneko anakana, ponena kuti nyumba ya malamulo imene mulibe wowaimira singawadule msonkho. Dandaulo limeneli likamveka, zoti anthu otsutsa msonkho anataya tiyi m'nyanja padoko la Boston mu 1773 sizikhalanso zodabwitsa, chimodzimodzinso chikalata cha pa 4 July 1776, chimene Thomas Jefferson analemba polengeza kuti madera 13 adzipatula ku ulamuliro wa mfumu ya Britain.

Kenako khalitsani pa Articles of Confederation, malamulo oyamba amene anayamba kugwira ntchito mu 1781. Ambiri amawadumpha, koma ine ndimaona kuti gwero la zonse zotsatira lili pamenepa. Poopa kudzipangira mfumu ina, anthuwo anakhazikitsa boma lalikulu lopanda mphamvu yotolera msonkho, moti linkachita kupempha ndalama kwa zigawo, zomwe ndi madera 13 aja. Alimi a ku Massachusetts ataukira mu 1786 motsogozedwa ndi Daniel Shays chifukwa cha ngongole ndi misonkho, kufooka kumeneku kunaonekera poyera, ndipo mu 1787 nthumwi zinakumana ku Philadelphia n'kulemba malamulo atsopano oyendetsera dziko.

Powerenga malamulo atsopanowo, siyanitsani magawidwe awiri a mphamvu amene ophunzira amakonda kusokoneza. Federalism ndi kugawana mphamvu pakati pa boma lalikulu ndi zigawo. Kugawa kwina kuli m'kati mwa boma lalikululo: Congress, yomwe ili ndi nyumba ziwiri za aphungu, imapanga malamulo, pulezidenti amawagwiritsa ntchito, makhoti amawamasulira, ndipo nthambi iliyonse imatha kuletsa inzake. Pulezidenti angakane kusainira lamulo, koma likavomerezedwanso ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba zonse ziwiri, limadutsabe.

Nyumba ziwirizo nazonso zinachokera pa mkangano. Zigawo zazing'ono zinapeza Senate, kumene chigawo chilichonse chili ndi mipando 2, pamene zazikulu zinapeza House of Representatives, kumene mipando imatsatira chiwerengero cha anthu. Apa musathamange, pakuti powerengera anthuwo anagwirizana kuti pa akapolo 5 alionse aziwerengapo 3. Izi zinawonjezera mipando ya zigawo zosunga akapolo, ngakhale kuti akapolowo sankaponya voti.

Malizani ndi magulu awiri amene anatsutsana pa kuvomereza malamulowo. A Federalist, monga Alexander Hamilton ndi James Madison, ankafuna boma lalikulu lamphamvu, pamene owatsutsa ankaopa kuti lidzapondereza anthu. Mantha a otsutsawo ndiwo anabala Bill of Rights mu 1791, ndime 10 zoteteza ufulu wolankhula, wopembedza ndi woweruzidwa mwachilungamo. Mphamvu ya makhoti yothetsa lamulo losemphana ndi malamulo aakulu musaifunefune m'chikalata cha 1787, chifukwa simunalembedwe mwachindunji; inakhazikika mu 1803 pa mlandu wa Marbury ndi Madison, umene chigamulo chake analemba John Marshall, mkulu wa oweruza m'khoti lalikulu.